Mgolo Umene Sunalawe Vinyo

Ilarion anakulira pa ntchito yokhoma migolo yamatabwa yosungira vinyo. Iye ndi mkazi wake Profira analibe mwana, mpaka pamene anatenga mapasa a malemu msuweni wake, Sanda ndi Toader. Mayi wa anawo ankamwa vinyo wofiira ali woyembekezera, poti m'mudzimo amati amawonjezera magazi. Adokotala a m'tauni ya Cahul sanabise mawu: vinyoyo anakhudza ubongo wa anawo, ndipo azichedwa kugwira zinthu.

Sanda anali wolongolola, kungoti zimene wauzidwa m'mawa, pofika masana waiwala. Toader ndiye anakwanitsa zaka zinayi ali duu, asanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe.

Tsiku lina Ilarion anapeza Toader atalowa mumgolo watsopano, akung'ung'udza n'kumamvetsera mgolowo ukumuyankha. Anagwada n'kuika pakamwa pa kabowo kothirira vinyo.

"Odi, muli ndani muno?"

Timawu tinatuluka mumgolomo: "Ine."

"Profira, tathamanga, mgolo walankhula!"

"Mwalawirira kulawa vinyo eti, nkhalamba inu?" anatero Profira akubwera. Koma atadzimvera yekha anakhala pansi, kuseka ndi misozi yomwe.

Kuyambira pamenepo sukulu inali mumgolo: wina m'kati, wina pa kabowo. Nyimbo zoimbidwa m'menemo, ngakhale Sanda sankaziiwala.

Nthawi yokolola mphesa, mnansi wawo Gavril anasowa mothira vinyo.

"Undigulitse mgolo wopanda kanthuwu, ukungokhala."

"Kafune kwina, Gavril," anatero Ilarion. "Umenewu ndi wodzaza kale."