Mmene a Lestina analowera gulu la mbava

Mukafika ku Ntengo-Wambalame n'kufunsa munthu amene sanabepo chibadwire, ana ndi akulu omwe adzakulozerani nyumba ya a Lestina. Ine sadzandiloza, ndipo sindidandaula. Ndine Vasco, msuweni wawo, choncho ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire. Akakwiya akadandaule kwa amalume awo, amene anali bambo anga, koma awapeza kumanda.

A Lestina ndi mayi wamfupi, wolima mbatatesi ndi nyemba, wamasiye kuyambira chaka chimene chifuwa chinatenga amuna awo a Cornélio. Mbiri yawo inayamba nthawi ya nkhondo, tikuthawira ku Malawi. Kwathu kuno tili ndi lamulo limene silinalembedwe ku boma: wapaulendo njala ikamupinda, athyole chimanga m'munda wa mwini, adye pomwepo, koma asiye chizindikiro. Ena amasanja makoko pamzere, ena amamanga mfundo pa tsamba. Mwini munda akaona amadziwa kuti apa panadutsa njala, osati mbava. Tsono paulendo umenewo tinagwera m'munda wa munthu wosamudziwa, tinatafuna dowe wosaotcha ngati anyani. A Lestina, amene anali mtsikana nthawi imeneyo, anaona kuti makoko okha sakwana pa chimanga chonse chimene tinadya. Anavula duku lawo, limodzi lomwelo, n'kulimanga pa phesi. Anafika ku Malawi mutu uli pamtunda ngati dzungu. Titabwerako nkhondo itatha, nkhani ya duku inabwera nafe, ndipo inakula kuposa mwini wake.

Ndiye taganizani mmene zinawakhalira pamene mwana wawo Adérito anagwidwa ataba mbuzi za a José, mnansi wathu. Iye ndi anzake ankazimanga pa mota, njinga yamoto ija, kukagulitsa kutali. Anakhala ku kadeya, ndiko kundende, anatuluka, koma kumudzi sanaponde. Anakakhala ku Furancungo n'kumasenza matumba pamsika, mkazi wake Cláudia atatsala ndi apongozi ake pamodzi ndi khanda.

Chaka chatha, nthawi yokumba mbatatesi itayandikira, Adérito anaimba telefoni kupempha kuti abwere kwawo. Cláudia anagwada, telefoni ili m'manja. A Lestina sanailandire. Anangoti, "M'mimba mwanga simunatuluke wakuba. Amene anatuluka muno sindidziwa kumene anapita." Cláudia ndi mwana waulemu, koma tsiku limenelo ananena poyera kuti mwamuna wake akapanda kuloledwa, iye abereka mwana amutsatire. Pakhomo pakanatsala a Lestina ndi nkhuku.

Tsono Adérito anali atasiya pakhomo komputadori yakale imene anagula ku Tete, yoyendera moto wa dzuwa. M'menemo munali masewera amene timati jogo, imene ankakhalirapo masana onse. Cláudia anali atawauzapo apongozi ake kuti m'jogomo mwamuna wake anali m'gulu la mbava. Mawu amenewo anakhala akuwayabwa a Lestina, mpaka tsiku lina anandiitana.

"Asuweni, inu munapita ku shikola."

"Mpaka terseira klase, kalasi yachitatu yathunthu, mkazi wanga. Aphunzitsi ataona kuti ndayamba kuwaposa anandiuza ndikapume."

"Mkazi wanu ndi nkhuku. Khalani apa muzindiwerengera Chipwitikizi chotuluka m'chinthu ichi. Ndikufuna ndilowe mmene analowa mwana uja, ndione ndi maso anga. Ngati ndi chinthuchi chinamuphunzitsa kuba, ndichiphwanya ndi mpini, mwanayo abwere. Ngati si ichi, ndiye kuti kuba n'kwake, akhale komweko."

Ine ndinakhala pansi msanga. Ukalamba wanga wonsewu ndinali ndisanaonepo munthu akufunsira ntchito ya umbava, ndiye nkhale a Lestina!

Cláudia anationetsa podina. Poyamba jogo imafuna kuti uumbe munthu wako. A Lestina anaumba mayi wamfupi waimvi. Anafunafuna duku osalipeza, n'kukhutira ndi chipewa cha nsalu. Kenaka kamayi kaja kanatulukira m'dziko lodabwitsa: nyumba zamiyala zotalika kuposa tchalitchi, anthu a makutu osongoka ngati mileme, ndi chinjoka cha mapiko chimene chinkadutsa kumwamba chikulavula moto. Ine maso anali pa chinjokacho. A Lestina anaimitsa kamayi kawo pa munda wa kabichi wa m'mbali mwa njira.

"Mizere iyi anaunga ndani? Yatsata mtsetse. Mvula imodzi yokha zonsezi zipita kudambo."

"Amayi, si munda weniweni," anatero Cláudia.

"Ndiye n'chifukwa chake ali ndi mbava zambiri."

Masiku oyamba kamayi kaja kankangogunda makoma. Kanagweranso m'chitsime, a Lestina n'kundiimba mlandu ine kuti ndinachedwa kuwerenga. Tinkasewera masana tikaweruka kumunda, bateriya itakhuta dzuwa. Pang'onopang'ono zala zolimba ndi khasu zija zinayamba kumva. Tsiku lina tinapeza munthu wobisa nkhope atakhala pa mlatho, ndipo mawu anatuluka pansi pake.

"Akuti chiyani, asuweni?"

"Akuti ngati mukufuna kulowa gulu lathu, mutibweretsere nyale ya siliva ya m'nyumba ya wogulitsa nsalu. Munthu asakuoneni. Mukatipeza ku chigayo chakale cha kumtsinje."

"Basi? Osafunsa kuti ndine mwana wa yani?"

"Sakufunsa."

"Anthu opanda mwambo," anatero, koma anasendeza mpando kufupi.

Cláudia anawalangiza kuti adikire kude m'jogomo, kenaka ayende chonyang'ama. A Lestina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ine kuyenda usiku pakhomo pa eni? Ndine mfiti?" Anapita dzuwa lili paliwombo. Atafika pa chitseko cha wogulitsa nsalu anaimitsa kamayi kaja n'kufuula ndi pakamwa pawo penipeni, "Odi! Odi kuno!" Nkhuku za pabwalo zinabalalika.

"Amayi, sakumva. Ingolowani."

"Ndilowe ngati galu?"

Atadikira mokwanira analowa, n'kupeza mwini nyumba, chimunthu cha mimba yaikulu. Anafunsa podina polankhulira, anamulonjera, n'kundiuza kuti ndimufunse mmene ana adzukira. Ndinawauza kuti jogo ilibe funso limenelo, iwo anati ndi terseira klase yanga yaperewera. Atatha malonje anatola nyale, mwini wake akuyang'ana. Asilikali a zipewa zachitsulo anafika ngati anali kuseri kwa chitseko.

Kamayi kaja kanadzukira mu kadeya. Ine ndinali nditakonza kale chipongwe, koma ndinachimeza, nditaona zimene a Lestina ankachita. Anatembenuza kamayiko pang'onopang'ono kuti aone zonse: udzu pansi, chidebe pakona, khoswe, kazenera kakang'ono m'mwamba.

"Mmene anali mwana uja munalinso chonchi?" anafunsa osatembenuka.

"Ankati munalibe udzu, amayi."

Tsiku limenelo tinazimitsa msanga.

M'mawa mwake anabwera ndi nzeru zina. Anaphunzira kunyang'ama, anaphunzira kubisala kuseri kwa mitolo ya nsalu mpaka chimunthu chija chitatuluka kukaona akavalo ake. Odi ankamunenabe, koma chapansipansi. Anatola nyale munthu osawaona. Ine ndinati eya, lero taona ukwati. Koma m'malo mothawa, a Lestina anatsegula thumba la kamayi kaja, anatulutsa buledi, n'kuyamba kumuika bwinobwino pathebulo pamene panali nyale.

"Asuweni, mukuchita chiyani?"

"Adziwe kuti panadutsa munthu."

Buledi uja ankagubuduka, iwo n'kumamutola, kufuna kuti akhale pakati penipeni. Mwini nyumba anawapeza akukonzabe. Kadeya.

Zinapita choncho masiku angapo. Asilikali ankalanda nyale n'kuibweza, koma zimene a Lestina ankasiya zinkatsala pathebulopo. Buledi anatsatidwa ndi mpeni, mpeni unatsatidwa ndi nsapato, kenaka chipewa chija, kenaka malaya. Cláudia anayesa kuwauza kuti jogo siwerengera zimenezo, koma kunali ngati kuthira madzi pa nsana wa bakha.

"Mbava yotere sindinaionepo," ndinatero. "Mwini nyumba akulemera, wakuba akusauka. Mukadzafuna kuba kwanga mundiuze, nditsegula ndi mazenera omwe."

"Kwanu ndikabe chiyani, nsikidzi?"

Potsiriza kamayi kaja kanatsala ndi kansalu ka m'kati kokha, kopanda nsapato, imvi zili pamtunda. A Lestina anauza Cláudia kuti andiphimbe maso. Ndinawakumbutsa kuti mutu wopanda duku ndinauonapo kale pa njira ya ku Malawi, ndipo sindinafe.

Tsiku lake linafika kuli mitambo, bateriya ikudandaula. Kamayi kanalowa, kananyang'ama, chimunthu chinatuluka. Nyale m'manja. A Lestina anatsegula thumba monga mwa masiku onse, n'kupeza mulibe kanthu. Anafufuza uku ndi uku, ngakhale nyenyeswa ya buledi. Mapazi a mwini nyumba anayamba kumveka pakhonde.

Zimene zinachitika apo ndinaziona ndi maso angawa. Kamayi kaja kanalumphira pazenera, kanakwera padenga, kanatsetsereka, kanadutsa pakati pa miyendo ya kavalo. A Lestina anali ataimirira, akufuula, "Thawa iwe! Thawa, mwana wa mayi!" Anaponda lichero la nyemba zimene Cláudia ankasankha, nyemba mbwee nyumba yonse, khanda n'kuyamba kulira. Sanamve chilichonse mpaka kamayi katagwera pakhomo la chigayo chakale, nyale ili m'manja.

M'chigayomo munali anthu atazungulira thebulo. Anaimirira, anakaveka kamayi kaja zovala zakuda, anakapatsa mbale ya chakudya, n'kukalozera pogona. Ndinawerenga kuti akuti takulandirani, mlongo wathu, pano ndi panu. A Lestina ankaseka, dzanja lili pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Ndinali ndisanawaone akuseka chotero chimwalirire a Cornélio. Kenaka kuseka kunaphwa pang'onopang'ono, anakhala pansi.

"Asuweni, zimakoma."

"Ine ndimangomva kwa anthu."

"Musaseke. Mtima wagunda ngati ndili mtsikana." Anayang'ana manja awo ngati ndi a munthu wina. "Chinthu ichi masiku onsewa chakhala chikundiuza zochita, ine osamva. Lero sichinandiuze kanthu. Thumba linali lopanda chosiya, miyendo inathawa yokha."

"Ndiye ndikatenge mpini uja?"

"Mpini usiyeni. Chilibe mlandu."

Cláudia anali atagwada akutola nyemba, koma manja ake anaima. Lamulo la a Lestina tonse tinkalikumbuka, ndipo ine pakamwa panga sipadziwa kusunga chinthu. "Pajatu munati ngati si chinthuchi, kuba n'kwake, akhale komweko."

"Ndinatero. N'kwake ndithu." Anadzigunda pamimba ndi chala. "Koma ndaona kumene anakutenga."

Anayang'ana mbava zija zikudya. Kenaka anati, "Cláudia, muimbire. Abwere pa shapa, minibasi ya masana ija, anthu onse ali maso. Asafikire pano. Andipeza pamsewu."

Loweruka Adérito anatsika shapa ataonda, kathumba kali paphewa. Anapeza amayi ake ataima pamsewu, atagwira chingwe cha mbuzi yawo yaikazi ya bere, imene ankainyadira kuposa ine. M'khosi mwa mbuziyo munali mutamangidwa duku, mutu wa a Lestina uli pamtunda. Mnyamata anafuna kugwada, iwo anangomupatsa chingwe.

"Unadya m'munda wa eni osasiya makoko. Tsogola."

Anadutsa mudzi wonse, iye patsogolo ndi mbuzi, amayi ake pambuyo, ine pambuyo penipeni ngati mboni yosaitanidwa. Amayi a m'mudzi anasiya mitondo, amuna a pa bawo anaiwala kuti ndani amasewera. Pakhomo pa a José, Adérito anati odi ndi mawu a udzudzu.

"Kweza mawu, sakumva."

"Odi!"

A José anatuluka. Anayang'ana mbuzi, anayang'ana duku, anayang'ana mnyamata nthawi yaitali mpaka ine ndinayamba kufuna pokhala. Kenaka anati, "Lowani," n'kuitana akazi awo kuti abweretse mphasa.

Mbatatesi za chaka chimenecho anakumba ndi Adérito, Cláudia akutola, khanda likudya dothi m'mphepete. Duku analibweza akazi a José atalichapa. Komputadori ilipobe, koma mwini wake saigwiranso, chifukwa bateriya ikakhuta amayi ake amakhala atafika kale. Ndikumva kuti ku chigayo chakale kuja awakweza, tsopano ndi iwo amene amatuma anzawo. Odi sanamusiye, amamunong'ona pa chitseko chilichonse, ndipo thumba amalidzaza buledi asananyamuke.

Alendo akafunsa munthu amene sanabepo chibadwire, ana amalozabe nyumba yomwe ija. Ine ndikakhala pafupi ndimangotsokomola.