Manase ndi Munda wa Eni Ake

Manase anabadwa wachitatu mwa ana aamuna, ndipo kudziko la zilumba la Tonga kuno mwana wachitatu amakula akudziwa kuti munda wa bambo ake adzangoudyera m'maso. Umagwera woyamba. Ndiye moyo wake wonse wakhala akulima m'minda ya eni: ali mnyamata kwa amalume ake, atakwatira kwa apongozi, ndipo zaka khumi ndi zinayi zapitazi m'munda wa mnzake Hopoate, amene anangomuuza pakamwa kuti, "Lima, ana anga ali kunja."

Kutchalitchi si munthu woti n'kumuloza. Salalikira. Kwaya anamuchotsamo kalekale chifukwa mawu ake ankasocheretsa anzake. Amakhala pabenchi lakumbuyo, mkeka wake wovala m'chiuno monga mwa mwambo wa kuno uli wothothoka m'mphepete. Koma nkhumba ya munthu ikalowa m'zilazi zake, amaibweza kwa mwini wake ili yamoyo, n'kumukonzeranso khola. Anthu amati Chikhristu cha Manase chili m'manja.

Lopeti, mwana woyamba wa Hopoate, mawu amenewa sanamulowe. Anachoka pachilumba chino cha 'Eua ali wamng'ono, n'kukulira ku Auckland, kumene anaona madikoni a masuti oyera akudyera anzawo masuku pamutu. Bambo ake atamwalira anabwera kumaliro n'kubwerera. Patatha miyezi khumi ndi umodzi ntchito inamuthera, ndipo anabweranso kudzakhala kwa azakhali ake, a Seini.

Sanagone masiku awiri, Manase anatulukira atasenza zilazi ziwiri zazitali ngati mwendo wa munthu.

"Zoyamba kukumba chaka chino, n'za mwini munda," anatero akuzitula pakhonde. "Komanso, mwana wa mnzanga, tipeze tsiku tipite ku ofesi ya malo ukasaine. Nthawi ikutha."

Atachoka, Lopeti anaziyang'ana zilazizo ngati muli njoka.

"Azakhali, munthu ameneyu akufuna chiyani?"

"Akufuna udye chilazi, usiye zibuledi zakozo. Taona timikonoto, ngati ta udzudzu."

"Ayi, ndikunena mapepalawo. Munthu alibe munda, ana anayi, walima pathu zaka zonsezi. Lero akuti ndikasaine. Ndikasaine chiyani?"

"Za mapepala ndizidziwira kuti ine? Koma Manase sananamizepo munthu."

"Oterowo ndi amene amanama kamodzi kokha, bodza lake lalikulu."

"Kodi ku Auckland amakuphunzitsani kuopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe?"

Lopeti anayamba kumufufuza Manase. Anakhala nawo pabwalo pamene abambo amamwera chakumwa cha kuno chotchedwa kava, akuponya dzina la Manase mwa apo ndi apo, kuti mwina wina alakwitse pakamwa. Anangomva kuti amaimba moipa ndiponso kuti sadziwa kukana munthu. Anapita kumunda Manase kulibe. Anapeza zilazi, koko ndi chinangwa, mizere yowongoka, koma panalibe mtengo ndi umodzi womwe wobzala iye, kaya kokonati kaya mango. Zaka khumi ndi zinayi munthu osabzala chinthu chokhalitsa? Lopeti anati mumtima, ochenjera amatero, safuna kuonetsa njala yawo.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, Manase anamugwira pamkono.

"Lachiwiri boti likupita kulikulu, ku Nuku'alofa. Ndikuperekeza."

"Bambo Manase, ine sindisaina chinthu chimene mwandikonzera inu."

Anthu amene anali pafupi anatembenuka. Manase anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono.

"Chabwino. Pita wekha. Bola upite."

Lopeti anapitadi yekha, osati kukasaina, koma kukagwira wakuba. Nyanja inali yolusa, anasanza ulendo wonse. Ku ofesi ya malo anapeza mayi wa magalasi, namuuza dzina la bambo ake ndi tsiku limene anamwalira. Mayiyo anawerenga pazala.

"Mwachita mwayi, achimwene. Wolowa m'malo amayenera kudzalembetsa chaka chisanathe. Mwatsala ndi masiku khumi ndi limodzi."

"Ndikanapanda kubwera?"

"Ukanatuluka m'banja mwanu. Ndiye amene akulimapoyo akanati apemphe, ndani akanamutsutsa?"

Lopeti anasendera pafupi. "Alipo amene wapempha kale?"

Mayiyo anatsegula faelo. "Palibe. Kungoti kunabwera mkulu wina wa kwanu konko, kawiri konse, kudzafunsa ngati mwana wa malemu angasaine ali kunja. Tinamuuza kuti akamupeze mwini wakeyo."

Lopeti anawerenga pepalalo katatu, kutsogolo ndi kuseri, kufuna pamene pabisala dzina la Manase. Panalibe. Anasaina.

Mawa lake masana anamupeza Manase kumunda akupalira koko.

"Mukanangokhala chete milungu iwiri, mundawu ukanakhala wanu. Munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Nanga?"

Manase anatsamira khasu. "Bambo ako anati lima. Sanati tenga. Ndikanakhala chete, Lamulungu ndikanalandira bwanji Mgonero ndi pakamwa pomwepo?"

Lopeti anadikira. Ankadziwa kuti pambuyo pa mawu otere pamabwera pempho, ndipo linabweradi.

"Chimodzi chokha. Undilole ndikumbe zimene zili m'nthakazi. Ndikatha ndichoka, ulime wekha."

"Muchoka mupita kuti?"

"Minda ya eni siitha."

Lopeti anayang'ana mizere ya zilazi mpaka kumene imathera. Iye ngakhale nyengo yobzala sankaidziwa.

"Limani mbali yakumtundayi, yakumunsi mundiphunzitse ine. Koma tilemberane. Chaka chimodzichimodzi, ndipo a Seini akhale mboni."

Manase anaseka mpaka kutsokomola. "Papepala? Bambo ako akanakukwapula."

"Papepala."

"Bweretsa, mzungu wanga, ndisaina. Koma mawa ubwere ndi khasu, osati cholembera chokha."