Mpiru wa pa paipi ya boma

Ndikukumbukira fungo la dizilo pa malaya a bambo anga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo iwo ankayang'anira nyumba yakale yopopera madzi, ya njerwa zofiira, imene inamangidwa nthawi ya atsamunda m'mphepete mwa damu. Mkatimo munali chiinjini cholira gu! gu! gu! tsiku lonse, kukankhira madzi ku thanki ya ku boma. Paipi yake inkadutsa kuseri kwa nyumba ya ntchito imene tinkakhala, koma ife ngakhale dontho ayi. Tinkatunga ku dambo, ulendo wa ola lathunthu, madzi ake ngati thobwa.

Zinkandiwawa, sindinama. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, khosi lili gwa ndi ndowa, uku ukudziwa kuti madzi akuyenda pansi pa mapazi ako kupita kwa eni ake! Tsiku lina ndinaba sipanala ya bambo, ndinakumba pomwe mapaipi awiri analumikizana, n'kumasula nati pang'ono chabe. Madzi anayamba kudontha. Ndinkatchera kambale mpaka ndowa kudzaza, kenako n'kuvundikira ndi masamba. Amayi anaona kuti ndikubwera msanga ndi madzi oyera, koma sanafunse.

Chimene chinandigwetsa ndi ulimi. Mwana wa ku Kasungu angaone dothi lonyowa m'chilimwe n'kulisiya? Ndinafesapo mpiru. Pasanathe masabata atatu, pakati pa udzu wopserera panali kadimba kobiriwira, koonekera uli kumsewu. Ine n'kumanyadira, chitsiru ine.

Kapitawo wa zamadzi, amene ankayendera mapaipi pa njinga, anaima pomwepo n'kuitanitsa bambo.

"A Banda, mpiru uwu ukumwa madzi a ndani?"

Bambo anafukula dothi, anaona pomwe sipanala inaluma nati, kenako anandiyang'ana. Ndinadikira kuti anditchule.

"Ndinamasula ndine, bwana," anatero.

Ntchito inathera pomwepo, munthu woti zaka zonsezo ankapukuta injini ija ngati khanda. Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoti, "Iwe Nabanda, zula mpiruwo amako aphike, tisataye zonse." Tinadyera nsima madzulo omwewo.

Nyumba anatilanda sabata lomwelo. Tinakalowa utenanti pa esiteti ya fodya cha ku Kapelula, sukulu yanga n'kuthera mu Sitandade 5. Bambo, amene ankadziwa matenda a injini pongoimvera kulira, anakalambira m'chigafa akusoka fodya wa eni. Nkhani ya sipanala sanaitchulenso, inenso ndinkangoti ndidzapepesa ndikadzapeza poyambira. Anamwalira ndisanapapeze.

Chaka chatha ndinadutsako pa kabaza ku nyumba yopopera madzi ija. Tawuni inapeza madzi kwina kalekale. Malata anasasula, injini inapita kwa ogula zitsulo, mkatimo mumagona mbuzi. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa tomato pafupi ngati akudziwa amene ankagwira ntchito pamenepo. Anati, "Kaya, amayi, ife tinaipeza ili chonchi."

Pano ndikudziwa kuti mwana wa mmphawi alibe mwayi wolakwa ngakhale kamodzi, chifukwa akapsa yekha chala, nyumba yonse imanyeka. Ana anga ndimawauza kuti asakhudze chinthu cha eni, ngakhale ludzu liwaphe. Amandimvera bwino, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri: chimene ndawasiyira ndi mantha basi.