Khasu Limene Apongozi Anabisa

Pepani akuluakulu kuti munthu wonga ine ndalimba mtima kugwira pensulo. Sukulu yanga inali ya pamudzi, ya Akatolika, yofolera ndi udzu, ndipo ndinalekezera Sitandade 3. Ngati penapake ndalakwitsa, kapena ndaoneka ngati ndikunyoza anthu amene anandidyetsa, mundikhululukire. Sinditchula dzina la munthu poti ambiri akadali moyo.

Kwathu ndi kwa Dzoole. Ndinakwatira m'mudzi wina wa pamtunda kufupi ndi Malomo, m'masiku a Chitaganya. Monga mwa mwambo wathu ndinapita kukakhala kwa mkazi, nditanyamula mphasa, nkhwangwa ndi khasu. Ankhoswe anga anati ndikakaonetsa khalidwe, pakatha dzinja limodzi kapena awiri eni ake adzandilola chitengwa, ndiko kutenga mkazi wanga kupita naye kwathu. Chitengwacho ndinkachifuna kwambiri chifukwa mayi anga anali okha. Achimwene anga anapita ku Halale osabwerakonso, mlongo wanga anamwalira akadali mtsikana, ndipo maso a mayi anali atayamba kuchita khungu.

Amene anali ndi mawu pa chitengwa anali amalume a mkazi wanga, eni mbumba. Apongozi anga aamuna analibe chonena, poti nawonso anali mkamwini ngati ine, wochokera kumapiri a Ntchisi, wokalambira m'mudzi wa eni. Pokambirana nkhani ankakhala kumbuyo n'kumasema mpini. Kwa ine anali ouma. Ndikamaliza ndime ankangoiyang'ana n'kupotoloka, osati zikomo, osati mwalakwitsa.

Ndinagwira ntchito m'mudzi umenewo. Munda wa amalume unali pamtsetse, ndipo alangizi a boma ankafuna milambala yotchinga madzi. Amalume ankadana nayo milambalayo koma ankaopa kumangidwa, ndiye wokumba ndinali ine. Nazale ya fodya kudimba ndinkathirira ndine. Chigafa ndinamanga, nkhokwe ndinaluka, denga la agogo a mkazi wanga ndinafolera. Ndikaona apongozi aakazi akubwera panjira ndinkapatukira kutchire mpaka adutse, monga amachitira mkamwini waulemu, ngakhale pamalopo pakhale chitedze.

Tikakolola, ankhoswe anga ankabwera ndi nkhuku kudzapempha chitengwa. Chaka choyamba amalume anati, "Tamva. Koma nkhokwe iyi yapendekeka, ayambe aiwongola." Chaka chotsatira anati mwana wathu akadali wakhanda, sangayende ulendo wa kwa Dzoole. Kenaka anati dziko silili bwino, asilikali ali ponseponse m'misewu. Nkhuku zija ankadya.

Tsono kunabwera mkamwini mnzanga amene anakwatira mng'ono wa mkazi wanga. Anali atagwirako ntchito ku Halale, ndipo anali ndi njinga, chipewa ndi nsapato zolira. Ankadzuka dzuwa litakwera n'kupalasa njinga kupita kumisonkhano ya ndale ku Malomo. Tsiku lina anapereka moni wa dzanja kwa apongozi aakazi anthu akuona, ndipo mudzi wonse unakamba zimenezo mpaka mwezi unatha. Ineyo ankanditcha ng'ombe ya amalume.

"Achimwene," ankatero akandipeza ndi ndowa kudimba, "kodi goli lanuli amakuvulani nthawi yanji?"

"Ndi ulemu chabe, achimwene. Akulu ndi akulu."

"Ulemu? Ife tikukana Chitaganya chathunthu, inu mukulephera kukana nkhalamba imodzi ya mano awiri!"

Ndinkaseka pang'ono kuti asakhumudwe, kwinaku ndikuyang'ana ngati wina wamva.

Munthu ameneyu anakhala dzinja limodzi lokha. Amalume anaitanitsa okha ankhoswe ake n'kunena kuti, "Mutengeni munthu wanuyu, mkazi yemwe atenge, tapuma naye." Anachoka mkazi ali pakaliyala, katundu pamutu pa ana a m'mudzi. Podutsa pamunda anandiimbira belu. "Tsalani bwino, ng'ombe!"

Ine ndinaganiza kuti mwina penapake ndikuperewera, ndiye ndinawonjeza kulawira kumunda. Ankhoswe anabweranso, nkhuku inadyedwanso. Chaka chimenecho mayi wina wogulitsa miphika wochokera kwathu anandiuza kuti mayi anga anaponda pamoto posaona, ndipo phazi likuvuta kupola. Ndinapempha kukawaona, anandilola, koma anati ndisachedwe poti nazale iuma. Ndinapeza munda wa mayi watsala kachigawo kakang'ono kuseri kwa nyumba. Kwina konse kunali thengo.

Mvula itagwa, chimanga chitamera ndipo udzu utayamba kukwera, ndinadzuka m'mawa wina n'kupeza khasu langa palibe pamene ndinkaliika. Ndinafuna pansi pa nkhokwe, m'chigafa, ponseponse. Ndikupita kukabwereka lina, apongozi aamuna anandiitana ali pachulu m'mphepete mwa munda.

"Akamwini, mwataya chiyani?"

Ndinagwada chapatali. "Khasu langa lasowa, apongozi."

"Silinasowe. Ndabisa ndine. Sunthirani kuno."

Ndinasuntha modabwa, poti zaka zonsezo anali asanandiyankhulepo mawu opitirira atatu.

"Mnzanu wa njinga uja anapita chifukwa chiyani?" anandifunsa.

"Kaya, apongozi. Mwina anali ndi mwayi."

"Mwayi wa chiyani? Analibe ntchito pano. Anyamata onse a m'mudzi muno ali ku Halale ndi ku Joni. Mukuganiza kuti alamu angawa angalole khasu ngati lanu lichoke? Mukamalimbikira ndiye mukudzimangirira." Analavula. "Ine ndinabwera muno mano onse ali m'kamwa. Ndinkalima kuposa inu. Mayi anga anaikidwa ine ndili pamwamba pa nkhokwe ya anthu awa. Uthenga anandiuza nditatsika."

Ndinangoti, "Pepani."

"Pepaniyo musungireni wina. Kuyambira lero muzikhala pakhonde. Akakutumani muziti mawa."

Pa ntchito zonse zimene ndinagwira m'mudzi uja, kukhala pakhonde ndiko kunandilemera koposa. Amayi a m'mudzi ankadutsa ndi makasu n'kumandiyang'ana cham'mbali. Poyamba ankafunsa ngati ndadwala, kenaka anasiya kundipatsa moni. Amalume anatuma mwana kuti ndikapalire kumtsetse, ndinayankha kuti mawa. Ndili pakhondepo ndinkaona apongozi aamuna ali okha pandime yanga, msana utapindika, akupalira pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinazembera kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Mkazi wanga anandipeza.

"Bambo a mwana, manjawo apindeni," anatero motsitsa mawu. "Bambo anga akuthyoka msana chifukwa cha inu. Mukufuna tikalambire pano?"

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti nayenso ankadziwa.

Khrisimasi itadutsa, amalume anatiitana tonse pabwalo la nyumba yawo, ankhoswe anga aliponso. Asanayambe kuyankhula, apongozi aamuna anaika mpini pansi n'kusunthira kutsogolo. Anthu anadabwa.

"Alamu," anatero, "mkamwini uyu ine ndatopa naye. Amadya ngati awiri, kumunda safika. Poyamba paja ankangotinamiza. Ine ndakalamba, sindingalimire mwana wanga, mdzukulu, ndi bambo wandevu yemwe. Achoke, akadyere kwawo."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali. "Akamwini, zimenezi n'zoona?"

Chigafa chimene ndinamanga chinali pompo kumbuyo kwawo. Milambala inkaoneka kumtsetse. Ndikanangoloza ndi chala, dzina langa likanabwerera. Mkazi wanga anatsokomola. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "N'zoona, amalume."

Apongozi aakazi anali m'nyumba chitseko chili chotsegula. Ndinawamva akuti, "Ife tinkayesa munthu." Mawu amenewo sanandichokebe m'khutu.

"Tengani mkazi wanu muzipita," anatero amalume. "Chimanga chili m'munda chitsala, fodya yemwe. Ndipo mwanayo ndi wa mbumba yathu, musadzaiwale."

Tsiku lonyamuka palibe anatiperekeza kupatula ana. Apongozi aamuna sanaoneke. Titafika pamtsinje wa kumunsi kwa mudzi tinapeza khasu langa litatsamira pamtengo m'mbali mwa njira, lili ndi mpini watsopano. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinalinyamula paphewa.

Tinagona panjira, n'kufika kwa Dzoole mawa lake. Mayi anandizindikira ndi mawu. Nthawi yobzala chimanga inali itadutsa, ndiye tinangobzala mbatata, ndipo chaka chimenecho tinadyera maganyu m'minda ya anthu. Kumudzi kuja mpaka lero mwana akakana kutumidwa amamuuza kuti asakhale ngati mkamwini wa kwa Dzoole. Apongozi aamuna sindinawathokoze, poti tikakumana pamaliro amandiyang'ana ngati kale n'kupotoloka.

Podutsa ku Malomo tsiku lonyamuka lija tinapeza anthu akuimba kuti Chitaganya chatha. Mkamwini mnzanga uja anali momwemo, chipewa chili m'mwamba, ndipo anatikuwira kuti tibwere tidzavine. Ife sitinaime, poti mwana anali atalemera kumsana kwa mayi ake ndipo mitambo inali itayamba kuda kumapiri. Chikamwini changa chinatha tsiku limenelo, Lachiwiri, pa 31 Disembala 1963.