Ndadula maluwa a malemu, nyumba yaoneka

Lachiwiri ndinamva anthu akutsatsa nyumba yanga ndili momwemo.

Ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa. Kutsogolo kwa nyumba kuli maluwa aminga amene amuna anga anadzala ngati mpanda. Ali moyo ankawadulira mwezi ndi mwezi, osapitirira m'chiuno. Chimwalirireni iwo palibe anawakhudza, mpaka anakula kufika kudenga, nkutseka mawindo ndi kanjira kolowera. Ine ndinazolowera kuzungulira kuseri.

Ndiye kuseri kwa zitsambazo ndinamva mawu a mlamu wanga, a Longwe, ang'ono awo a malemu. Anali ndi bambo wina wa ku Kande amene akufuna malo omangapo zipinda za alendo.

"Onani nokha, ada, pano ndi pabwinja," anatero mlamu. "Mayiyu amangokhala kwa abale ake. Nyumbayi ikungowonongeka."

Ine sanandione. Akanandiona bwanji? Ndinaika mpeni pansi. Ndinangoyang'ana tchire limene ndinalisunga ndekha.

Mundifunsa kuti ndinalisiyiranji? Pamaliro anthu anandiuza kuti zinthu za malemu ndisafulumire kuzigwira. Ndinamvera. Nthawi yolira itatha, mkono unkakanabe. Ndinkaona ngati kudula duwa lawo nkuwathamangitsa pakhomo. Ngakhale chinangwa ndinasiya kuyanika pabwalo, poti dzuwa silinkafikanso, ndipo ufa wa kondowole unkatuluka wakuda, wonunkha chinyezi.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwa Mayi Asiyatu, anzanga ogulitsa usipa, kukabwereka chikwanje.

"Mukufuna kupha ndani, amama?" anafunsa akuseka.

"Tchire."

"Aaa, mwadzuka lero! Ine ndimaopa kubwera kwanu, ndimati inditulukira nsato."

Anandinolera chikwanjecho okha, nkubwera nane atanyamula khasu. Nthambi yoyamba inandivuta, osati chifukwa cholimba. Ndinaima nayo kanthawi, ndikunena chamumtima kuti bambo, mundikhululukire, koma pakhomo panu pakupita. Nditaitema, zinazo zinangotsatira.

Minga inanding'amba mikono ndi chitenje. Mavu anatuluka pakati penipeni, ife nkuthawa ngati atsikana, Mayi Asiyatu akukuwa, mpango uli m'manja. Tinawafukiza utsi nkubwerera. Zitsa ndizo zinatitopetsa. Mizu inali italowa pansi pa khonde, ndipo tinakumba mpaka matuza kuphulika.

Pofika Lachisanu bwalo linali mbee. Mawindo anaoneka, mphepo ya kunyanja nkulowa m'chipinda mmene inali italeka kulowa kalekale. Ndinasesa, ndinazira khonde, nkuyala mphasa zonse ndili nazo, chinangwa choyera chili waa padzuwa. Kuno kwathu nyumba yokhalamo munthu imadziwika ndi chinangwa pabwalo. Simufunikanso kufunsa.

Loweruka a Longwe anabwera ndi mlendo wawo, chingwe choyezera chili m'manja. Anaima pamsewu. Ine ndinali pampando pakati pa bwalo.

"Fikani, alamu," ndinatero. "Njira ilipo tsopano."

"Mlamu, mwadula maluwa a achimwene? Mulibe chisoni?"

"Achimwene anu ankawadula okha. Inu munabwerapo liti ndi chikwanje kudzawathandiza?"

Mlendo uja anayang'ana chinangwa, anayang'ana ine, kenako a Longwe. "Kodi si munati kulibe munthu?" Anandipepesa, nati yewu amama potsanzika, nkubwerera kugalimoto yake. Mlamu anatsala akupinda chingwe chake, ndipo ndinawapatsa madzi akumwa, chifukwa kunatentha.

Abale anga, nkhani ya maluwa ndi yaing'ono. Chimene chikundiwawa ndi ichi: mkazi akaferedwa timamuuza kuti asagwire, asasunthe, asasinthe kanthu. Akamvera timati ndi waulemu. Denga likadontha, bwalo likamera tchire, anthu omwe aja ndiwo amayamba kunena kuti walephera kusunga pakhomo, ndi bwino malo apite kwa ena. Akadzuka nkukonza, akuti waiwala msanga, mwina wapeza wina. Achite chiti?

Ine ndasankha. Amuna anga ndimawalira tsiku lililonse, ndipo ndiwalira ndili pabwalo loyera, m'nyumba imene tinaumbira njerwa limodzi.

Pamudzi panu pali mayi woferedwa amene khomo lake latsekeka. Mukamadutsa pamenepo mawa, mudzanyamula chikwanje kapena chingwe choyezera?