Chitseko chimene Tadala amatseka

Loweruka lapitali ndinadraiva kuchoka ku Lawrence, kuno ku Indiana, kukawatenga Mayi Nasibeko ku South Bend. Mayiwa ndi akwathu ku Ntcheu, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, ndi msilikali wa pamadzi. Sitima yake yankhondo inali itakocheza pa doko la nyanja ya Michigan, achibale ataloledwa kukwera isananyamuke ulendo wa kunyanja yamchere.

Chisiyireni Tadala sukulu ya unesi, mayi anali asanamudalitsepo pa ntchitoyi, ndipo mwanayo ankapempha chinthu chimodzi chokhacho.

Titafika pa doko, abale inu, chinthu chija! Ine ndinkati sitima ndinaziona kale ku Monkey Bay. Bodza lenileni.

Tadala anati ndi yamtundu wa frigeti, zaliwiro zija zoperekeza sitima za katundu. Makoma ake anawapendeketsa dala kuti rada ya adani ivutike kuiona. Injini zake ndi zonga za ndege, kumbuyo kuli bwalo lotera helikopita. Ndinangoti kukamwa yasa, bambo wamkulu ndi imvi zanga.

Mkati muli tinjira topanikiza ndi zitseko zachitsulo, chilichonse chili ndi chogwirira chachitali ngati mpini wa khasu. Titadutsa chimodzi, mayi anachisiya chotsegula monga timachitira kwathu. Tadala anabwerera n'kuchitseka, gwa!

"Iwe, mwano umenewo unautenga kuti?" anakalipa mayi. "Ukuwatsekera anthu akubwera m'mbuyomu?"

Tadala anafotokoza, Chichewa chake chikutsimphina. Sitimayo anaigawa zipindazipinda. Ikabooka, madzi amadzaza chipinda chimodzi, anthu n'kutseka kuti yonse isamire. Ntchito ya Tadala ndi imeneyo.

"Nanga m'chipindamo mukatsala munthu?"

"Timatseka, Mami."

"Ukakhala iweyo?"

"Anzangawa atseka. Inenso ndikufuna adzatseke."

Kamtsikana kamene ndinkakaona kakugona pa benchi ya tchalitchi, lero kakuyankha choncho?

Tinene chilungamo, Amalawi a ku Indiana. Mwana tikufuna akhale nesi, apo ayi dokotala, azigwira mashifiti pafupi, Lamulungu tizimuona. Koma kontena ija timapakira ku Indianapolis, ya mabulangete ndi njinga za kumudzi, mumati imawoloka nyanja yokha? Alipo ana a eni ake amene amalondera njirayo. Tonse timafuna katundu akafike, koma wolondera akhale mwana wa wina.

Ndipo chimene chinandizunguza mutu si mizinga ayi. N'chakuti anthu anakhala pansi, akumanga sitima yokongola chonchi, n'kuvomereza kuti tsiku lina idzabooka, n'kukonzeratu chitseko chopulumutsa ambiri. Ife nkhani yotere tikanati ndi kulodza ulendo.

Nthawi yotsika itakwana, mayi anaima pa chitseko chomaliza, ife kunja, Tadala mkati. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Tandionetsa, amatseka bwanji?"

Tadala anawalozera. Mayi anamanga chitenje, n'kumugwira pamutu.

"Pita mwanangu, Mulungu akutsogolere. Ntchito yako ukaigwire."

Kenako anakankha chitsulo chija ndi manja awiri, n'kutseka okha.

Analira njira yonse mpaka ku South Bend, ine ndikupukuta maso pa chiwongolero. Ndili ndi ana awiri, ndipo ndakhala ndikudzifunsa sabata yonseyi. Inu amene muli ndi mwana, chitseko chija mukanachitseka?