Tsiku limene ndinazula ndiwo za amayi

Mwana wanga wandionetsa kavidiyo kamene wajambula ndi anzake kusukulu, kophunzitsa za zomera za m'phiri la Zomba. Nditaona chisoso, mtima wabwerera kwathu ku Mtiya.

Ifenso tili ana, aphunzitsi anatituma zomera zosafunika m'munda, zoti timate pakatoni n'kufotokozera anzathu pa kaseti. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba n'kuzula chisoso chonse, luni ndi bonongwe yemwe, njere za chisoso zitakakamira diresi langa. Ndinkati amayi andiyamikira kuti ndawapalirira.

Amayi anaima pamene ndinazula paja n'kundiitana.

"Iwe, aphunzitsi akowo Febuluwale uno akudyera chiyani?"

Kusukulu anandiombera m'manja. Kunyumba tinadyera madzi a mchere sabata yonse.

Mpaka lero ndikamapalira, khasu langa limalambalala lokha chisoso.